Piyano ya mphatso ikafika ku Mzuzu, ntchito imakhala itangoyamba

Mu holo ya mpingo wina kuno ku Mzuzu muli piyano yomwe yakhala pakona zaka zingapo tsopano. Amayi adayalapo nsalu yoyera, ndipo pamwamba pake pamakhala maluwa apulasitiki ndi mbale za chopereka. Tsiku lomwe idafika ndidalipo. Anyamata amphamvu asanu ndi mmodzi adatuluka thukuta poitsitsa pa lole, amayi akuluta nthungululu, agogo ena akunena kuti limba lotere adaliona komaliza ali ana ku mishoni. Idachokera kwa abwenzi a mpingowo kutsidya kwa nyanja, ndipo cholinga chawo chidali choyera: ana a Sande sukulu aphunzirepo. Mvula ya chaka chomwecho isanathe, makiyi angapo apakati adayamba kukakamira pansi ukawadina. Chaka chotsatira mawu ake adali atasokonekera moti kwaya idabwerera ku kiyibodi yake yakale. Palibe adaiwononga dala, ndipo omwe adaitumiza sadaname ponena kuti kwawo inkalira bwino.

Ine ndimaphunzitsa ana nyimbo, ndipo ndimalakalaka mwana wa ku Chibavi kapena ku Mchengautuba atakhala ndi mwayi woika zala pa piyano yeniyeni monga mwana wa kwina kulikonse. Nchifukwa chake nkhaniyi imandikhudza. Anthu ambiri, opereka ndi olandira omwe, amaona ngati vuto ndi kusowa kwa chipangizocho basi, kuti chikangofika nkhani yatha. Koma piyano ili ngati ng'ombe ya mkaka ya mtundu wachizungu: munthu akakupatsa, wakupatsanso ntchito yomanga khola, kufuna msipu ndi kudziwana ndi alangizi a ziweto.

Kodi nchifukwa chiyani anthu akunja ali okonzeka kupereka chinthu chodula chotere kwaulere? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, wailesi isanafale, banja la ku America kapena ku Britain lomwe linkafuna nyimbo m'nyumba nthawi zambiri linkayenera kudziimbira lokha. Mu 1909 mokha, ku America kudagulitsidwa mapiyano oposa 360,000. Mapiyano amenewo, ndi ena ambiri a zaka zotsatira, akadali m'nyumba za anthu. Agogo omwe ankaimba adamwalira, adzukulu akusamukira m'nyumba zing'onozing'ono, ndipo kunyamula piyano yakale kumadula kuposa mtengo womwe ingagulidwe. Ambiri amathera kudzala. Ndiye munthu akamva kuti ku Africa kuli ana ofuna kuphunzira, mtima wake umapepuka: piyano ya mayi ake sitayidwa, ikathandiza mwana. Chifundo chimenecho nchenicheni ndipo sindichinyoza. Kungoti mwini wakeyo nthawi zambiri sadziwa za m'kati mwa chinthucho. Amaona thabwa lonyezimira ndi zikumbutso za ubwana wake, pomwe akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mukatsegula chitseko chakutsogolo cha piyano mudzaona chifukwa chake. Chipangizochi adachiyambitsa Bartolomeo Cristofori ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700, ndipo nzeru yake idali yoti nsambo zizimenyedwa ndi tinyundo, kuti woimba athe kutulutsa mawu apansipansi kapena amphamvu malinga ndi mmene wadinira. Piyano ya masiku ano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Nsambo zake ndi mawaya achitsulo pafupifupi 230, chifukwa makiyi ambiri amamenya mawaya atatu nthawi imodzi. Mawaya onsewa ndi okungika zedi, ndipo mphamvu yomwe amakoka nayo pamodzi imafika matani pafupifupi 18. Kuti matabwa asathyoke, m'katimo muli chimango chachitsulo cholemera, ndipo nchimene chimachititsa kuti piyano yoimirira, ija imatsamira khoma, ilemere makilogalamu 200 kapena kuposa, ngati matumba anayi kapena asanu a chimanga omangidwa pamodzi. Kumbuyo kwa mawaya kuli thabwa lopyapyala lomwe limakuza mawu. Pakati pa kiyi ndi waya pali timitengo, tizikopa, timasipuling'i ndi tinsalu ta ubweya wa nkhosa, tizidutswa masauzande ambiri tomwe tiyenera kuyenda mogwirizana. Kanyundo kalikonse nako nkokutidwa ndi ubweya wotsendereza.

Choncho piyano ndi mtengo, ubweya, guluu ndi chitsulo, ndipo zonsezi zimamva nyengo. Apa ndi pomwe Mzuzu amalowa m'nkhani. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo aliyense wokhala kuno amadziwa kuti mvula yathu sifulumira kuchoka. Anzathu a ku Lilongwe akamakolola, ife timakhala tikadali m'mawawa ndi nkhungu ya m'mawa, zovala zikukana kuuma pa chingwe, nsapato zikuchita chuku pansi pa bedi. Kenako Okutobala akafika mpweya umauma, fumbi lili koboo. Akatswiri amati piyano imakonda chinyezi chosasinthasintha, cha pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Ife chathu chimakwera kwambiri kenako nkutsika. Thabwa lokuza mawu lija likamwa chinyezi limafufuma, mawaya nkukungika kwambiri, mawu nkukwera. Likauma limabwerera, mawu nkutsika, koma mawaya onse sabwerera mofanana. Tinsalu ta m'mabowo a makiyi tikafufuma, kiyi imakakamira, monga mmene chitseko cha nyumba chimavutira kutseka mu Febuluwale. Mawaya amachita dzimbiri. Mapiyano akale adamatidwa ndi guluu wopangidwa kuchokera ku zikopa za nyama, yemwe amafewa pachinyezi. Ndipo timisomali tokungira mawaya tidakhomedwa m'thabwa lolimba, lomwe likafufuma ndi kuuma kwa zaka zambiri limasiya kugwira. Zikafika apo piyano siitchunikanso. Mungaitchune m'mawa, madzulo yatsika kale.

Onjezanipo alendo osaitanidwa. Titatsegula pansi pa piyano ya mu holo ija tidapeza chisa cha makoswe, chomangidwa ndi ubweya womwe adakudzula m'katimo, pamodzi ndi makoko a mtedza. Njenjete zimadya ubweya womwewo, ndipo chiswe chikapeza njira kuchokera pa simenti yong'ambika chimamaliza nkhani. Nzosadabwitsa kuti m'nthawi ya atsamunda makampani ena a ku Britain ankapanga mapiyano apadera otumiza ku maiko otentha monga India, okhomedwa ndi timisomali ndi masikuluwu m'malo omwe ena ankangomata. Adadziwa kuti piyano yopangira nyumba ya ku London siingapirire paliponse.

Ngakhale piyano yatsopano, yosungidwa bwino, imafuna kutchunidwa kamodzi kapena kawiri pa chaka. Kutchuna kwake kumasiyana kutali ndi kwa gitala, komwe mnyamata aliyense wa khutu labwino amatha. Pamafunika sipanala yakeyake, timphira totsekera mawaya ena kuti umve imodzi yokha, ndi dzanja lomwe laphunzira kwa zaka kukhazika kamsomali kuti kasabwerere. Mawu oyambira ndi A wa pakati, yemwe waya wake umanjenjemera ka 440 pa sekondi, ndipo kuchokera apo mawaya onse 230 aja amakonzedwa umodziumodzi. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena awiri ngati piyano ili bwino. Ngati yakhala zaka osatchunidwa, iyenera kukwezedwa kaye pang'onopang'ono, mwina maulendo awiri, ndipo waya wadzimbiri ukhoza kuduka m'manja mwa katswiri. Waya wina woti nkuikapo simungaupeze m'mashopu a hadiweya a mtauni muno. Anthu odziwa ntchitoyi m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo kumuitana mmodzi kuchokera kutali, makilomita oposa 300 ngati ali ku Lilongwe, ndiye kuti mulipira thiransipoti, malo ogona ndi ntchito yake. Mpingo womwe ukusonkha ndalama za malata a tchalitchi sungaike zimenezi patsogolo, ndipo sindiuimba mlandu.

Za ulendo ndingodutsapo mwachangu. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, ndiye katundu wambiri wa kumpoto kuno amatsikira ku Dar es Salaam, nkuyenda pamsewu makilomita oposa 1,000 kudzera ku Mbeya, kulowa pa chipata cha Songwe, kudutsa Karonga nkukwera Chiweta. Asanafike apo amakhala masabata ambiri mu kontena yotentha masana nkuchita thukuta usiku. Mapepala a msonkho ku MRA ayenera kukonzedwa katundu asananyamuke, chifukwa kunena kuti ndi mphatso sikukwanira pakokha, ndipo tsiku lililonse lomwe katundu wakhala akudikira mapepala pali woti alipidwe. Mukawerengera zonse, ndalama yonyamulira piyano yakale ya ulere nthawi zambiri ikadagula chipangizo chatsopano.

Pali chinthu china chomwe opereka ambiri sachiganizira, ndipo kwa ife a kuno chili ndi mbiri yowawa. Makiyi oyera a mapiyano akale adakutidwa ndi minyanga ya njovu. Mungaizindikire poyang'anitsitsa: pamwamba pa kiyi pamakhala tizidutswa tiwiri tolumikizidwa ndi kamzere kopyapyala, ndipo pamaoneka timizere ngati ta chikhadabo. M'zaka za m'ma 1800, minyanga yambiri ya kuno kum'mawa kwa Africa inkapita ku Zanzibar, ndipo kuchokera uko yambiri inkathera m'matauni awiri a ku Connecticut ku America, Deep River ndi Ivoryton, komwe ankaicheka kukhala makiyi a piyano. Malonda amenewo ankayendera limodzi ndi a akapolo, ndipo m'mbali mwa nyanja yathu mayina a Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga sadaiwalike. Nkutheka ndithu kuti mwana wa ku Mzuzu akhoza kuika chala pa mnyanga wa njovu yomwe idaphedwa m'nkhalango za makolo ake. Kuchokera mu 1989, pangano la maiko la CITES lidaletsa malonda a minyanga pakati pa maiko, ndipo piyano yotere siidutsa malire popanda zilolezo. Malamulo athu a nyama zakutchire, omwe adakhwimitsidwa mu 2017, ali ndi zilango zofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu ya minyanga. Wotumiza ayenera kufufuza zimenezi piyano isanachoke pabalaza pake.

Ena amafunsa kuti, tsono bwanji osangogula kiyibodi? Funsoli ndi lanzeru ndipo yankho lake silophweka. Makiyibodi a Yamaha ndi Casio a makiyi 61 ndiwo adzadza m'matchalitchi athu, kuyambira ku Katawa mpaka ku Luwinga, ndipo ndi omwe alera oimba athu ambiri. Ndi opepuka, safuna kutchunidwa, mnyamata amanyamula pa kabaza kupita nawo ku maliro kapena ku ukwati. Koma makiyi ake ndi ofewa, a sipuling'i chabe. Mwana wozolowera pamenepo akakhala pa piyano zala zimatopa msanga, ndipo sadziwa kulankhulitsa chipangizo ndi kulemera kwa dzanja lake. Palinso batani la "transpose" lomwe ndimalimbana nalo tsiku ndi tsiku. Achinyamata ambiri aluso amaimba nyimbo zonse mu kiyi imodzi ya nyimbo, kutanthauza msinkhu umodzi wa mawu, yomwe adaizolowera, kwaya ikakweza iwo amangodina batani. Mnyamata wina yemwe amasangalatsa mpingo wonse Lamulungu lililonse nditamukhazika pa piyano adayang'ana uku ndi uku nkundifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga pokwezera ndi pati?" Ndidamuuza kuti pokwezera ndi zala zake zomwezo. Zidamutengera miyezi itatu kuti azolowere kuimba m'makiyi ena anayi a nyimbo, ndipo lero amanena yekha kuti ndi pomwe adayamba kumva mmene nyimbo imamangidwira.

Piyano yeniyeni ili ndi ubwino winanso womwe aliyense wa kuno angaumvetse: magetsi akazima, iyo imalirabe. Sifuna jenereta kapena adaputala. Ndaonapo makiyibodi abwino ochokera ku America atapsa tsiku loyamba chifukwa munthu adalumikiza adaputala ya mavoti 120 ku magetsi athu a 230.

Pakati pa ziwirizi pali piyano ya magetsi ya makiyi 88 olemera, yomwe idapangidwa kuti pansi pa chala izimveka ngati muli tinyundo. Siichita mantha ndi nkhungu ya ku Kaning'ina monga ya matabwa, anthu awiri amainyamula, imadya magetsi ochepa moti batire ndi sola yaing'ono zimaikwanira, ndipo mwana akavala mahedifoni amaphunzira osasokoneza msonkhano wa madikoni m'chipinda chinacho. Ili ndi zofooka zake: fumbi ndi mphemvu zimalowa, ndipo bolodi ya m'kati ikapsa kuikonza nkovuta. Komabe maganizo anga ndi akuti, kwa ana oyamba kumene kuno ku Mzuzu, zitatu kapena zinayi zotere m'chipinda chimodzi zimaphunzitsa ana ambiri kuposa piyano imodzi ya zaka 90. Bungwe lomwe woimba piyano wotchuka wa ku China, Lang Lang, adakhazikitsa mu 2008 limachita chimodzimodzi m'sukulu zomwe limathandiza: limadzaza kalasi ndi mapiyano a magetsi kuti mwana aliyense akhale ndi pake. Piyano ya matabwa ibwere pomwe pali chipinda chouma, cha siling'i, yoikidwa kutali ndi zenera ndi khoma lakunja, komanso pali ndalama ya chaka ndi chaka ya woitchuna.

Mabungwe omwe akhalitsa pa ntchitoyi adaphunzira zimenezi movutikira. Mu 1995, katswiri wina wotchuna mapiyano wa ku America, Benjamin Treuhaft, adayamba kutumiza mapiyano ku Cuba, dziko lotentha komwe chinyezi ndi chiswe zidawononga zipangizo za m'sukulu za nyimbo. Sadalekere pa kutumiza. Ankapita ndi akatswiri anzake, ndipo pamapeto pake ku Havana kudatsegulidwa malo ophunzitsira anthu a konko kutchuna ndi kukonza. Bungwe la Music Fund la ku Belgium, lomwe lidayamba mu 2005, limasonkhanitsa zipangizo zoimbira, kuzikonza kaye, nkuzipereka ku sukulu za nyimbo m'malo monga Maputo ndi Kinshasa, ndipo gawo lalikulu la ntchito yake ndi kuphunzitsa okonza a kumaloko. Ku St. Louis, bungwe la Pianos for People limapereka mapiyano ku mabanja osauka pamodzi ndi maphunziro aulere. Onsewa amasankha, salandira piyano iliyonse yomwe munthu wafuna kuchotsa m'nyumba. Ndikamaona anyamata a mumsika wa Mzuzu omwe amatsegula foni nkuwotcherera tinthu tosaoneka bwino ndi maso, kapena akalipentala a ku Chiputula omwe amapanga kabati yosasiyana ndi ya mu shopu, sindikayika kuti manja oti nkuphunzira ntchito ya piyano alipo. Mnyamata kapena mtsikana mmodzi wophunzitsidwa bwino, wokhala ndi zida zake, akhoza kusamalira mapiyano a m'chigawo chonse cha kumpoto, ngakhale kudzutsa ena omwe adagona kalekale m'masukulu a mishoni.

Ndiye pali mphunzitsi, yemwe popanda iye zonse tanenazi ndi mipando chabe. Kumpoto kuno sitiyambira pa zero. Amishoni a ku Scotland, omwe motsogozedwa ndi Robert Laws adakhazikika ku Khondowe mu 1894, adabwera ndi kalembedwe ka nyimbo ka solofa, ka d r m f s, komwe mbusa wa ku England John Curwen adakafalitsa potengera ntchito ya Sarah Glover. Mpaka lero makwaya athu, oimba m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa, amatha kutenga pepala la solofa nkuimba mawu anayi tsiku lomwelo. Mwana wokulira m'kwaya yotere amafika pa piyano khutu lili lakuthwa kale. Chomwe chimasowa ndi mlatho wochoka pa solofa kupita ku manotsi a pa mizere isanu, momwe mabuku a piyano amalembedwera, komanso munthu woongola kakhalidwe ka dzanja mwana asanazolowere zolakwika, pakuti m'mera mpoyamba. Ku pulayimale nyimbo zili m'phunziro la Expressive Arts limodzi ndi zojambula, magule ndi masewera, ndipo mphunzitsi wa kalasi ya ana ochuluka, wopanda chipangizo, sangaphunzitse piyano. Malo ophunzirira nyimbo mozama ali kutali ndi ife: University of Malawi ku Zomba, MUST ku Thyolo, Music Crossroads ku Lilongwe. Kufupi kuno, sukulu ya nyimbo ya Lusubilo ku Karonga idaonetsa zomwe achinyamata a kumpoto angachite akapeza zipangizo ndi aphunzitsi pamalo amodzi. Wofuna kuthandiza akadzipereka kulipira mphunzitsi mmodzi kwa zaka zitatu, wachita chachikulu kuposa kudzaza kontena, ngakhale kuti malipiro a mphunzitsi sajambulika bwino pa chithunzi cha mwambo wopereka mphatso.

Mbali ina ndi yathu, olandirafe, ndipo tisaibise. Chinthu chodula chikafika, mantha athu oyamba amakhala oti ana achiwononga. Ndiye timachitsekera. Makiyi a chipinda amakhala ndi mkulu mmodzi yemwe masana ali ku ntchito, ndipo piyano imatsegulidwa alendo akabwera. Nthawi zina imasanduka ya mwana wa munthu wodziwika mumpingo. Atsikana ndiwo amamanidwa kwambiri, chifukwa nthawi yomwe chipinda chili chotsegula iwo ali ku mjigo kapena akuphika, komanso chifukwa tidazolowera kuti woimba kiyibodi ndi mnyamata, mtsikana ndi wa soprano. Chonsecho piyano yosaimbidwa imawonongeka msanga kuposa yoimbidwa, pakuti makoswe ndi njenjete amakonda pomwe pali bata. Timavutikanso kukana mphatso. Mwambo wathu umatiphunzitsa kulandira ndi manja awiri, ndipo kufunsa wopereka kuti piyanoyo idapangidwa chaka chanji kumaoneka ngati mwano. Koma mafunsowa ndi ofunika, ndipo wopereka wa mtima wabwino sakwiya nawo. Nambala yolembedwa pa chimango chachitsulo imaulula zaka zake. Katswiri wa kwawo kwa woperekayo akhoza kuiyendera nkulemba ngati timisomali tikugwirabe, ngati thabwa lokuza mawu lilibe mng'alu, ngati makiyi ali a pulasitiki. Zimenezi zimatheka pa WhatsApp sabata imodzi, munthu asanalipire kontena.

Pakadali pano ana omwe ndimaphunzitsa alipo 14, ndipo tili ndi piyano ya magetsi imodzi yomwe amasinthana mphindi 20 aliyense, Lachitatu ndi Loweruka. Kunyumba aliyense ali ndi katoni yomwe tidajambulapo makiyi ndi rula, muyeso wake weniweni. Mtsikana wina wa Sitandade 6 wochokera ku Zolozolo amayala yake pa mphasa madzulo, nkumayendetsa zala uku akuimba manotsiwo ndi pakamwa, ndipo Loweruka akafika pa chipangizo chenicheni amalakwitsa pang'ono kuposa anzake. Mayi ake adandifunsa ngati angaloledwe kumabweranso Lolemba. Ndidakambirana ndi akuluakulu a mpingo, ndipo adavomera kudulitsa kiyi yachiwiri ya chipindacho, yomwe tsopano imasungidwa ndi mayi wina wa kwaya wokhala pafupi ndi tchalitchi.